Mwafunsa, Tikuyankheni: Ndikusowa ma documentary akale a Bigfoot

FUNSO: A Mkonzi, ine ndine bambo wa zaka zopitirira 50. Ndili mnyamata ndinkakonda kobasi ma documentary akale aja onena za chinyani chachikulu choyenda ndi miyendo iwiri chomwe amati chimakhala m'nkhalango za ku America, Bigfoot. Zithunzi zake zosaoneka bwino, wofotokoza wa mawu a besi, kanyimbo kochititsa nthumanzi, tulo sitinkabwera msanga. Atsopanowa ndikaonera pa intaneti sindimvapo kanthu, anthu kumangothamanga mumdima ndi matochi uku akukuwa. Ana anga akuti zonse zija linali bodza, ine ndikungosowa unyamata wanga basi. Kodi akale aja analidi abwino kapena ndi ukalamba chabe? Nanga chinyanicho chilipodi?

YANKHO: Bambo, anawo penapake akunena zoona, unyamata aliyense amausowa, koma zoti vuto ndi lokhalo ine ndikukana. Mafilimu aja anali ndi kapangidwe kawokawo ndipo inenso ndimawasowa.

Taganizirani kaye nthawi yomwe ankapangidwa. Dzina loti Bigfoot linatchuka mu 1958 pomwe Jerry Crew, woyendetsa buludoza pa ntchito yolambula msewu ku Bluff Creek kumpoto kwa California, anapeza mapazi akuluakulu pafupi ndi makina ake, nyuzipepala ya Humboldt Times nkulemba nkhaniyo. Kenako pa 20 Okutobala 1967 Roger Patterson ndi Bob Gimlin ali pa mahatchi kudera lomwelo anajambula kanema uja wa pafupifupi miniti imodzi, chinthu chaubweya wakuda chikuyenda mphepete mwa mtsinje kenako nkucheuka kuyang'ana kamera. Ndiye ma documentary a m'ma 1970 ankatuluka nkhani ili mkamwamkamwa, kuyeza DNA ya ubweya kunalibe, foni ya kamera m'thumba kunalibe, makamera omangirira pamtengo aja ojambula okha nyama ikadutsa sanali ponseponse ngati lero. Wofotokoza akafunsa kuti kodi m'nkhalangomo muli chiyani linali funso lenileni, sinanga anthu ankakumbutsana kuti gorila wa m'mapiri asayansi a ku Ulaya anadzamudziwa mu 1902, chonsecho eni dera ankamudziwa kalekale.

Komano chomwe ndikuona kuti mukuchisowa kwambiri ndi kudekha. Munthu yemwe akuti anachiona chinthucho ankamusiya ayankhule, mlimi kaya mlenje atakhala pakhonde pake, akufotokoza pang'onopang'ono, nthawi zina kukhala chete kaye kusowa mawu, kamera osachoka pankhope yake, ndipo iwe woonera umayamba kumuyeza wekha mumtima kuti bamboyu akunama kapena anaonadi kanthu, palibe wokuuza chochita. The Legend of Boggy Creek ya mu 1972 anaijambula ku Fouke, Arkansas, ndipo anthu ambiri omwe akuoneka mmenemo ndi eni mudzi enieni akusewera nkhani zawo zomwe. Chilombocho sachionetsa bwinobwino, kwambiri umaona madambo, mitengo, mdima ukugwa. Pulogalamu ya In Search of... yomwe Leonard Nimoy ankafotokoza kuyambira 1977 mpaka 1982 inalinso choncho, mawu odekha, osakuwa, ndipo inkanena poyera kuti zina mwa zomwe ikukambazo ndi zongoganizira. Yerekezani ndi Finding Bigfoot ya pa Animal Planet yomwe inayenda kuchokera 2011 mpaka 2018, gawo lililonse pamafunika pamveke kaphokoso kenakake asanaike zotsatsa malonda, zaka zonsezo osapeza kanthu.

Sikuti akalewo anali oyera ayi. Ankasakaniza zisudzo ndi umboni osakuuza bwino kuti apa ndi munthu wavala chovala, ndipo asayansi otsutsa ankawapatsa kampata kochepa.

Tsopano funso lanu lachiwirilo, ndikuyankhani mosabisa mawu poti mwafunsa ndi mtima wonse, ine sindikhulupirira kuti chilipo. Ray Wallace, yemwe kampani yake inkagwira ntchito ya msewu uja wa ku Bluff Creek, atamwalira mu 2002 abale ake anatulutsa mapazi osema amatabwa nkunena kuti ndi iye ankadinda mapazi aja Jerry Crew anapeza. Mu 2004 Bob Heironimus ananena kuti ndi iyeyo anavala chovala mu kanema wa Patterson uja, ngakhale chovalacho sichinaonetsedwe, Gimlin amakana zoti anachita chinyengo, Patterson naye anamwalira ndi khansa mu 1972 akunenetsabe kuti anaonadi. Mpaka pano anthu amakangana za liwiro lomwe kamera inkajambulira, poti likasintha kayendedwe ka chinthucho kamaonekanso mosiyana. Ubweya womwe ankauganizira kuti ndi wa Bigfoot nkuutumiza ku FBI, apolisi ofufuza milandu a ku America, mu 1976 unapezeka kuti ndi wa gwape. Koma chachikulu kwa ine ndi ichi, nyama siikhala imodzi yokha zaka zonsezi, pamafunika gulu loberekana, ndipo gulu limasiya mafupa, limagundidwa ndi magalimoto, alenje amalipeza. Zimbalangondo za m'nkhalango zomwezo zimagundidwa chaka ndi chaka, Bigfoot olo fupa limodzi.

Izi sizikutanthauza kuti mboni zonse zija zinali zabodza. Chimbalangondo chimatha kuima ndi miyendo iwiri, munthu nkuchiona chamadzulo ali yekha mantha atamugwira, zomwe adzafotokoze mawa lake adzazifotokoza ndi mtima woona. Ndiye pitirizani kuwaonera bambo, ambiri amapezeka pa YouTube, muitanenso anawo adzaone okha nkhope za anthu aja. Chokhacho pewani makope a kanema wa Patterson omwe akuti awakonza ndi AI kuti aoneke bwino, kompyuta imaonjezeramo tinthu tomwe pa filimu ya 16mm ija panalibe.

FUNSO: Zikomo A Mkonzi. Ine ndine mayi, ndimakumbukira documentary ina yakale ikuonetsa chikopa cha pamutu pa Yeti, chinyani china chija amati chimakhala m'mapiri a Himalaya, chosungidwa m'nyumba ya amonke kumeneko. Zinatha bwanji zimene zija?

YANKHO: Mayi, mukukumbukira bwino, chimenecho chiyenera kukhala cha ku Khumjung ku Nepal. Mu 1960 Edmund Hillary, yemwe uja anafika pamwamba pa phiri la Everest ndi Tenzing Norgay mu 1953, anachibwereka nkupita nacho kwa akatswiri ku America ndi ku Ulaya, iwo nkupeza kuti chinapangidwa ndi chikopa cha serow, nyama ya m'mapiri yangati mbuzi. Anachibweza ndipo chikadali komweko, alendo amakachionabe. Chithunzi china chomwe sichinkasowa m'mafilimu aja ndi cha phazi pa sinowo pambali pake ataikapo nkhwangwa yokwerera mapiri, anajambula Eric Shipton mu 1951, koma vuto la mapazi a pa sinowo ndi loti dzuwa likawomba amasungunuka nkukula, nkusinthanso maonekedwe. Mu 2017 gulu la asayansi lotsogozedwa ndi Charlotte Lindqvist linayeza DNA ya zinthu 9 zomwe anthu ankati ndi za Yeti, mafupa, ubweya, chikopa, dzino, ndipo 8 zinapezeka za zimbalangondo za kuderalo, chimodzi cha galu.