Kodi mlaliki akufunikadi sukulu ya fiyoloje?

FUNSO: Abusa, ine ndimalalikira kumpingo kwathu chaka chachitatu chino ndipo anthu amadalitsika ndithu, koma akulu ampingo akuti ndipite kaye kusukulu ya zaumulungu. Kodi Mzimu Woyera sakwanira? Petro uja anali msodzi chabe, fiyoloje anaiphunzira kuti?

YANKHO: Zikomo m'bale wanga. Za Petro mukunena zoona, pa Machitidwe 4:13 akuluakulu anadabwa kuti iye ndi Yohane anali osaphunzira, koma vesi yomweyo ikutinso anawazindikira kuti ankakhala ndi Yesu, ndiye kuyenda ndi Mphunzitsi tsiku ndi tsiku si sukulu imeneyo?

Ineyo ndimati aliyense woima pagome ali kale ndi fiyoloje yake, akangotsegula pakamwa nkunena kuti Mulungu ndi wotere, basi wayamba. Nkhani ndi yoti kodi ndi yolondola. Arius anali mlaliki wokoka anthu ku Alexandria koma ankaphunzitsa kuti Yesu, Mwana wa Mulungu, anachita kulengedwa, mpaka mabishopu anakumana ku Nicaea mu 325 nkukana zimenezo. Anthu kuwomba m'manja sindiye kuti wanena zoona ayi.

Apolo naye ankalankhula mwamoto koma ankangodziwa ubatizo wa Yohane, Priskila ndi Akula anamutengera pambali nkumulongosolera bwinobwino (Machitidwe 18:26), ndipo moto wake sunazime, atapita ku Akaya anakathandiza kwambiri abale. Zimandiwawa zedi ndikamva mlaliki atazula vesi imodzi osaona zam'mwamba ndi zam'munsi, nkhosa nkubwerera kunyumba ndi mantha achabe. Pitani m'bale, ndipo pemphani akuluwo kuti azikupatsanibe mpata wolalikira pamene mukuphunzirapo.