Mgodi wa miyala pafupi ndi mudzi: amfumu akavomera, zatha?

FUNSO: Kampani ina ikufuna kutsegula mgodi wa miyala paphiri la kumtunda kwa mudzi wathu kuno ku Katete. Amfumu avomera kale. Kodi ife tili ndi poyankhulira?

YANKHO: Inde bambo, polankhulira mulipo. Amfumu amapereka malo, koma lamulo la zachilengedwe la 2011 limaletsa kuyamba ntchito yotere popanda chilolezo cholembedwa cha ZEMA, bungwe la boma la Zambia loyang'anira zachilengedwe. Kampaniyo iyenera kupereka lipoti la kafukufuku: pa ntchito yaing'ono Project Brief, pa yaikulu Environmental Impact Statement, ndipo pa yaikuluyi anthu okhudzidwa amayenera kufunsidwa maganizo.

Pamsonkhano wofunsa maganizowo limbikirani za madzi. Funsani akampani: zitsime ndi dambo anaziyeza mwezi uti? Kuyeza mu February, madzi ali ponseponse, kumabisa vuto. Limadzaonekera mu October, dzenje lakuya likayamba kukoka madzi apansi, zitsime n'kuphwa.

Nyumba zanu zijambulidwe asanayambe kuphulitsa miyala. Khoma likadzang'aluka popanda chithunzi chakale, chipukutamisozi chimavuta kwambiri. Tchulaninso fumbi, manda ndi njira ya ng'ombe.

Musasaine pepala musanaliwerenge. Madandaulo anu alembedwe, kope limodzi mutumize nokha ku ZEMA.