Mafunso Anu: Mashopu Akumera ku Salima, Nanga Ntchito Zili Kuti?

Makalata ambiri a mwezi uno achokera ku Salima, ndipo onse akuzungulira nkhani imodzi: nyumba za malonda zikumangidwa m'mbali mwa misewu, koma anthu ena akubwerera kunyumba opanda ntchito. Tasankha anayi. Oyankha ndi anzathu odziwa za malamulo a ntchito, zomangamanga ndi malonda.

FUNSO: Ndagwira ntchito m'sitolo ina pa Kamuzu Road zaka 7 ndi miyezi 4, Lolemba mpaka Loweruka, pa malipiro a K195,000 pa mwezi. Abwana atichotsa anthu atatu, akuti malonda atsika chitsegulireni shopu yaikulu pafupi nafe. Andipatsa malipiro a mwezi womwe ndagwira basi, akuti zina palibe. Kodi ndi zoona? Bambo wa ana anayi, Salima.

YANKHO: Pepani bambo ndi zimene zakuonekeranizi, koma abwana anuwo sakunena zoona. Lamulo la ntchito la Employment Act la 2000, lomwe linakonzedwanso mu 2010, likuti munthu akachotsedwa chifukwa bizinesi yavuta kapena olemba ntchito akuchepetsa antchito, ayenera kulandira ndalama za severance, bola ngati wagwira chaka chathunthu.

Kawerengedwe kake ndi aka. Pa zaka 5 zoyambirira, chaka chilichonse mumalandira malipiro a masabata awiri. Kuyambira chaka cha 6 mpaka cha 10, ndi masabata atatu pa chaka. Kuyambira cha 11 kupita m'tsogolo, ndi masabata anayi. Zaka zathunthu zokha ndi zimene zimawerengedwa, choncho miyezi 4 yapamwambayo ikhala pambali. Malipiro anu a pa sabata tiwapeza pochulukitsa K195,000 ndi miyezi 12 n'kugawa ndi masabata 52, ndipo akupezeka K45,000. Zaka 5 zikupatsani masabata 10, zaka ziwiri zotsalazo masabata 6, onse pamodzi 16. Ndiye kuti severance yanu ndi K720,000.

Sizinathere pomwepo. Wolandira pa mwezi ayenera kupatsidwa notisi ya mwezi umodzi, ndipo ngati anakuuzani kuti musiye tsiku lomwelo, akupatseni K195,000 m'malo mwa notisiyo. Wogwira masiku 6 pa sabata ali ndi tchuthi cha masiku 18 pa chaka, ndipo masiku amene simunapume amalipiridwa. Ngati anatsala 12, pa K7,500 patsiku ndi K90,000. Kuphatikiza zonse zikudutsa K1 miliyoni, ngakhale pena pangadulidwe msonkho. Funsaninso za penshoni. Olemba ntchito amayenera kuika 10 peresenti ya malipiro anu, inu 5 peresenti, ndipo muli ndi ufulu wodziwa kampani imene ikusunga ndalamazo komanso kuona sitetimenti yake. Mabwana ena amadula 5 peresentiyo mwezi ndi mwezi koma osaitumiza, ndipo zimadziwika nthawi ngati inoyi.

Chimene chimagwetsa anthu ambiri ndi kalata. Akakupatsani pepala loti musayine kuti mwasiya ntchito mwa kufuna kwanu, kapena loti mwalandira zonse ndipo simudzadandaulanso, musayike dzina lanu pamenepo, ngakhale atakulonjezani kuti adzakuitananso malonda akadzuka. Wosiya yekha salandira severance. M'malo mwake pemphani kalata yonena tsiku limene munayamba, tsiku limene mwachotsedwa ndi chifukwa chake. Sonkhanitsani mapepala a malipiro. Ngati ankakulipirani pa Airtel Money kapena Mpamba, mauthenga a m'foni musawafufute, ndi umboni. Kenako pitani ku ofesi ya leba pa boma, atatu nonse limodzi. Dandaulo loti mwachotsedwa mopanda chilungamo limayenera kufika kumeneko pasanathe miyezi itatu, ndiye musadikire malonjezo a pakamwa. Akalephera kukugwirizanitsani, nkhani imapita ku khoti la za ntchito la Industrial Relations Court, ndipo kwa inu a ku Salima lapafupi ndi la ku Lilongwe.

Kamodzi kokha tiwonjezere: sitolo ikagulitsidwa kwa mwini wina inu mukadali pa ntchito, zaka zanu sizifufutika. Zimasamukira kwa mwini watsopanoyo.

FUNSO: Ndapuma pa ntchito ya uphunzitsi ndipo ndili ndi poloti m'mbali mwa msewu wa M5, kufupi ndi tauni. Ndikufuna kumanga mzere wa mashopu asanu ochititsa lendi. Ndiyambire pati kuti ndalama za penshoni zisalowe m'madzi? Mayi wopuma ntchito, Salima.

YANKHO: Mayi, musanagule ngakhale thumba limodzi la simenti, tengani kope muyende mzere wonse wa dera lanulo tsiku la pakati pa sabata, cha m'ma 10 koloko m'mawa. Lembani zitseko zotsegula ndi zotseka, ndipo mufunse lendi imene anthu akulipiradi, osati imene eni nyumba amatchula. Pa kalembera wa 2018 tauni ya Salima inali ndi anthu osakwana 40,000, ndipo ndalama zawo zimayenda ndi nyengo. Mpunga, chimanga, mtedza ndi thonje zikagulitsidwa malonda amatentha, koma mu Januwale ndi Febuluwale alendi ambiri amalephera kulipira, ena amathawa usiku. N'chifukwa chake powerengera phindu muziika miyezi 10 pa chaka, osati 12. Tiyerekeze kuti mwamangira K40 miliyoni, shopu iliyonse lendi K100,000. Pa chaka mutolera K5 miliyoni, ndipo ndalama zanu zibwerera patatha zaka 8, tisanachotsepo zokonzetsera ndi za khonsolo. Ife tikanakonda mukhazikitse pulani ya mashopu asanu koma mumange awiri kaye. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya simenti, malata ndi zitsulo inalumpha, ndipo nyumba zambiri zinaima pa lintala. Awiri otha amabweretsa lendi. Asanu opanda denga amangodya mvula.

Chachiwiri ndi malire a msewu. M5 ndi msewu waukulu, ndipo malo ake ndi mamita 30 mbali iliyonse kuyezera pakati pa tala. Yezani ndi tepi, osati ndi mapazi, ndipo khonde ndi masitepe zikhale kunja kwa malirewo. Nyumba yolowa m'malo a msewu imalembedwa X, ndipo pogumula mwini wake sayembekezera chipukuta misozi. Kalata ya amfumu yokha siyokwanira pa nyumba ya malonda. Pitani ku ofesi ya malo ndi ya mapulani ku khonsolo akuuzeni ngati deralo linaikidwa la malonda, perekani pulani yojambulidwa ndi wodziwa ntchitoyo, ndipo muyambe kukumba chilolezo chili m'manja. Lamulo la Physical Planning Act la 2016 limapereka mphamvu yoimitsa ndi kugwetsa nyumba yomangidwa popanda chilolezo.

Tsopano dothi, chifukwa apa ndi pamene Salima amalanga omanga mothamanga. Malo ambiri a m'chigwa muno ali ndi makande, dothi lakuda lija lofufuma m'dzinja n'kung'aluka m'chilimwe. Likamafufuma ndi kunyala limakankha maziko, ndipo mng'alu umayambira pa ngodya ya windo kutsika mopendekera. Kumbani dzenje loyesera lakuya mita imodzi ndi theka pa ngodya ziwiri za poloti. Mukapeza makande, maziko apitirire mpaka pa dothi lolimba, akhale otambalala masentimita 60, ndipo muikemo zitsulo zinayi za Y12 (zokhuthala mamilimita 12) zomangidwa ndi maring'i a R8 (zitsulo za mamilimita 8) motalikirana masentimita 20. Makandewo akapitirira kuya kwa dzenje lanu, itanani injiniya adzaone, musangodalira maso a mmisiri. Pansi pa shopu pakwere masentimita 45 kuposa bwalo, chifukwa madzi a mvula kuno sathamanga, amakhazikika. Musanathire konkire ya pansi, thirani mankhwala a chiswe ndi kuyala pulasitiki.

Pa kasakanizidwe ka konkire pali chinyengo chimene eni nyumba ambiri sachiona. Muyeso wa 1:2:4 umatanthauza simenti, mchenga ndi kwale zoyezedwa ndi chiwiya chimodzi. Wilibala ya omangira imalowa matumba awiri a simenti a makilogalamu 50. Choncho thumba limodzi limafuna wilibala imodzi ya mchenga ndi ziwiri za kwale. Mmisiri akathira mawilibala awiri a mchenga ndi anayi a kwale pa thumba limodzi n'kumati ndi 1:2:4, wakupatsani 1:4:8, mphamvu yake yochepa kwambiri. Khalani pomwepo tsiku lothira maziko ndi la bimu, muziwerenga matumba opanda kanthu madzulo. Mchenga muuyese m'botolo: thirani mchenga pang'ono, dzazani madzi, khutchumulani, usiyeni usiku wonse. Matope okhala pamwamba akapitirira gawo limodzi mwa magawo 10, mchengawo ukanidwe.

Malamulo a 2018 amaletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa nyumba za boma ndi za malonda, ndiye konzekerani mabuloko a simenti. Pa sikweya mita imodzi pamalowa mabuloko 12 ndi theka. Shopu ya mamita 3 kwa 4, khoma lotalika mamita 3, imafuna mabuloko pafupifupi 490 tikachotsa malo a khomo ndi windo n'kuphatikizapo osweka, ndipo yachiwiri imafuna ochepera chifukwa khoma limodzi n'logawana. Woumba akatulutsa mabuloko 45 pa thumba limodzi m'malo mwa 25 kapena 30, mabulokowo amafumbutuka ndi chala. Dzuwa la Salima limaumitsa simenti isanakhwime, choncho mabuloko aumbidwe pa mthunzi, ndipo iwo ndi konkire azithiriridwa m'mawa ndi madzulo masiku osachepera 7. Mitengo ya denga imangiriridwe ku bimu ndi waya wokhuthala kapena hupu, chifukwa mphepo ya mvula yoyamba imasasula madenga ongokhomedwa pamwamba pa khoma. Shopu iliyonse ikhale ndi mita yakeyake ya ESCOM, apo ayi wa bucha ndi wa telala adzakangana mwezi woyamba womwewo. Chimbudzi ndi mpopi musaziyike kumapeto kwa bajeti, chifukwa a zaumoyo ku khonsolo amaziyang'ana asanalole malo ogulitsa zakudya.

FUNSO: Ndine mnyamata, ndikugwira ganyu yosakaniza konkire pa nyumba yaikulu ya mashopu. Akapitawo akuti ikatha atilemba ntchito m'kati momwemo. Ndiyembekezere? Wachinyamata, Salima.

YANKHO: Achimwene, musamangire moyo wanu pa mawu amenewo. Kontilakitala, mwini nyumba ndi wodzachita lendi ndi anthu atatu osiyana, ndipo akapitawo anu alibe mphamvu pa wachitatuyo. Ntchito yomanga imameza anthu ambiri kwa miyezi yowerengeka, ikatha otsala amakhala ochepa. Taonani malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 60 ku Nanjoka, amene anayamba kugwira ntchito mu 2021: omanga anali gulu, oyendetsa lero ndi owerengeka. Shopu nayo ndi chimodzimodzi, ndipo ife sitikhulupirira kuti nyumba ya mashopu payokha imachulukitsa ntchito m'tauni. Imagawanso ndalama zomwe zinalipo kale, wogula shuga uku wasiya kugula uko. Ndalama zatsopano zimabwera ndi zinthu zogulitsidwa kunja kwa boma lino, monga shuga wa ku fakitale ya Salima Sugar, mpunga wa ku Lifuwu, nsomba, ndi alendo ogona ku Senga Bay.

Mgwirizano wa ntchito yotha ndi kumanga umatha nyumba ikatha, ndipo severance palibe. Choncho lembani m'kope masiku onse amene mwagwira ndi ndalama zimene mwalandira. Mukavulala nenani tsiku lomwelo, pitani ku chipatala mukatenge kalata, chifukwa lamulo la chipukuta misozi cha ovulala pa ntchito limadalira umboni umenewo. Miyezi yatsalayi muigwiritse ntchito kuphunzira luso limodzi, kaya kuyala mabuloko, pulasitala kapena matailosi, kenako mufunse a TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja, kapena ku Salima Technical College za mayeso a luso limene mwaphunzirira pa ntchito.

FUNSO: Golosale yanga ikufa. Shopu yaikulu ikugulitsa shuga ndi sopo pa mtengo womwe ine ndimaodera. Nditseke? Mayi wa golosale, Salima.

YANKHO: Musatseke musanawerenge, mayi, koma pa shuga wa paketi ndi sopo wa mtanda musapikisane nawo, iwo amaoda pa lole. Kwa masabata awiri lembani chilichonse chimene chagulidwa ndi ola lake. Katundu amene wakhala pa shelefu masiku 30 osayenda mumugulitse pa mtengo woodera, ndalamayo ibwerere ku mpamba. Mphamvu yanu ili pa zimene shopu yaikulu sichita: mafuta oyeza, shuga ndi mchere wa timapepala, ufa wa walkman, kutsegula 6 koloko m'mawa ndi kutseka iwo atatseka kale. Ngongole ikhale ya anthu owerengeka, yolembedwa, ndipo yonse pamodzi isapitirire gawo limodzi mwa magawo 10 a mpamba wanu, chifukwa magolosale ambiri amafa ndi kope la ngongole osati ndi shopu yaikulu. Mukagwirizana anayi kapena asanu kuoda limodzi ndi kugawana thiransipoti, mtengo wa katoni umatsika.

Ngati muli ndi abale olima mpunga, ganiziraninso zogulitsa kwa shopu yaikuluyo m'malo molimbana nayo. Adzafuna mpunga wopetedwa bwino wopanda miyala, wolongedza m'mapaketi a kilogalamu imodzi, awiri kapena asanu okhala ndi dzina, chiphaso cha Malawi Bureau of Standards ndi nambala ya msonkho ya MRA. Musanapereke thumba loyamba, gwirizanani polemba tsiku lolipira, chifukwa mashopu otere kawirikawiri salipira pompopompo, ndipo inu mudzafunika mpamba wogulira mpunga wina mukudikira ndalamazo.