Makalata a agogo tawapeza m'thiranki, tipereke ku yunivesite?

FUNSO: Zikomo akonzi. Agogo aamuna anatisiya chaka chatha, ndiye pokonza m'nyumba mwawo ku Ekwendeni tinapeza thiranki yodzadza mapepala, makalata omwe ankalembera agogo aakazi ali ku Joni pa Wenela, ziphaso za msonkho, khadi ya ubatizo ndi zithunzi. Chiswe chayamba kale kudya m'mbali. Amalume akuti tingotentha, mnzanga akuti tikapereke ku yunivesite koma ine mtima sukulola, si laibulale ya Mzuni ija inapsa? Nditani?
Wowerenga wa ku Chiputula, Mzuzu

YANKHO: Pepani ndi maliro. Koma chonde chonde apempheni amalumewo asayatse machesi.

Mantha anuwo ndikuwamva. Mu December 2015 moto unanyeketsa laibulale ya Mzuni ku Luwinga, mabuku pafupifupi 45,000 kusanduka phulusa, ife a mu Mzuzu muno zimatiwawabe mpaka pano. Ku Zomba nako mu 1919 maofesi a boma la atsamunda anapsa ndi mafayilo ambiri a zaka zoyambirira. Komatu chimene chimatayikiratu pamoto ndi chija chinalipo chimodzi chokha, ndiye thiranki yanuyo ili pangozi yomweyo, kuonjezapo chiswe ndi chinyezi cha kunochi choti ngakhale zovala zimachita nkhungu.

Makalata a Dr Robert Laws, amene anakhazika mishoni ya Livingstonia pa Khondowe mu 1894, ambiri akusungidwa bwinobwino ku Edinburgh. Amenewo ndi mawu a azungu. Mawu a munthu wamba wokumba mgodi, kudandaula za kuzizira, kufunsa ngati bulangete lija linafika, ndi amene akusowa kwambiri, ndipo ochita kafukufuku wa mbiri amawafuna zedi. Kumbukirani Kamuzu anaimitsa Wenela mu 1974 ndege yonyamula Amalawi ochokera ku migodi itagwa ku Francistown, ndiye makalatawo ayenera kuti adutsa zaka 50.

Yambani lero kujambula pepala lililonse ndi foni, kutsogolo ndi kumbuyo, emvulopu ndi sitampa yomwe chifukwa deti imakhala pamenepo, kenako tumizirani abale angapo ndi kusungako pa imelo. Chotsani mapini ochita dzimbiri. Selotepi ayi, lamineshoni ndiye ayi ndithu, pulasitiki ija ikamatirira sichokanso. Musayanike padzuwa, inki imasuluka. Zithunzi lembani mayina kumbuyo ndi pensulo, osati bolopeni.

Mukatero kambiranani pabanja ndipo mupite mukaonane ndi a laibulale ku yunivesite, kapena ku Mzuzu Museum, apo ayi National Archives yomwe likulu lake lili ku Zomba. Afunseni kuti amasunga m'chipinda chotani, ndipo musasiye kanthu popanda pepala losainirana lonena ngati mwapereka kapena mwangobwereketsa. Makalata okhudza zinsinsi za banja mutha kupempha kuti asawerengedwe ndi aliyense kwa zaka zomwe mugwirizane.

Ndipo ngati azakhali akuluakulu alipo, khalani nawo pansi awerenge mokweza inu mukurekoda, Chitumbuka chakale ndi mayina a anthu otchulidwamo ndi iwowo angamasulire.