Ndikagwira ntchito ulele pa boti, nanga chakudya ndi mowa wa anzanga ndilipirenso?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa m'bale wathu wina amene akukhala ku Cape Town. Dzina ndalisunga. Iyeyu amagwira ntchito yopala ndi kupenta maboti kudoko, anachitako maphunziro a masiku asanu a kayendetsedwe ka boti la matanga, ndipo tsopano bambo wina, mwini boti, wamuitana kuti akhale mmodzi mwa anthu anayi amene anyamuke mu Januwale kupita ku St Helena, chisumbu cha pakati pa nyanja ya Atlantic, kenako ku Brazil. Malipiro palibe. Za ndalama bamboyo anangoti "chakudya tidzagawana", nkhani n'kuthera pomwepo. Ndiye m'bale wathuyu akufunsa kuti: "Ndikakhala ndikukoka zingwe usana ndi usiku popanda cholowa, chakudya ndilipirenso? Chinanso, ine mowa sindimwa koma anzangawo amamwa. Ndiifunse bwanji nkhaniyi kuti ndisaoneke waumbombo kapena wosayamika?"

Achimwene, zikomo polemba. Chakudya mudzalipira ndithu, ndipo pamenepo palibe amene akukudyerani masuku pamutu. Mowa simuyenera kulipira. Koma zonsezi mukambirane panopa, boti likadali lomangirira padoko, ndipo zimene mugwirizane zilembedwe, ngakhale pa WhatsApp pomwe.

Manyazi anuwo ndikudziwa kumene akuchokera. Kwathu munthu akakuitana ndiwe mlendo. Amakuphera nkhuku, amakubweretsera madzi osamba m'manja, ndipo kufunsa kuti nkhukuyi ndi ndalama zingati n'kutukwana eni khomo. Akakuitanira ntchito, kaya youmba njerwa kaya yokolola, nsima ya masana ndi udindo wake. Ndiye mutu umaima: pa botili ndine mlendo kapena waganyu? Simuli mlendo, komanso simuli waganyu. Chofanana nacho kwathu ndi memo. Amene anagwirako ntchito ku Kanengo akuidziwa bwino: anthu asanu amasonkha m'mawa, mmodzi n'kukagula ufa, bonya ndi tomato, masana onse n'kuzungulira mbale imodzi. Kapitawo akafuna kudya nawo, naye amasonkha. Pa memo palibe amachita manyazi kufunsa kuti lero tikusonkha zingati, ndipo pa boti mukhale ndi mtima womwewo.

Yambani mwadziwa kuti ulendowu ndi wamtundu wanji, chifukwa si maulendo onse ali a memo. Ku Cape Town kumapangidwa maboti ambiri a mimba ziwiri aja amati catamaran, monga a Leopard a kampani ya Robertson and Caine, ndipo ena amakaperekedwa kwa eni ake kutsidya poyenda nawo pamadzi. Pa ulendo wotere kaputeni amalipidwa, ndiye mwambo wake ndi woti chakudya cha omuthandiza chichokere kwa amene watuma botilo, nthawi zina ndi tikiti yobwerera yomwe. Wina akakusonkhetsani pa ulendo woterewu, funsani bwino. Koma mmene mwafotokozeramu, bambowa akuyenda ndi boti lawo pa ulendo wa kumtima kwawo. Iwo akupereka boti, inu mukupereka manja ndi tulo tanu, ndipo mukupata mamailosi olembedwa m'buku lanu la maulendo a panyanja. Musawaderere mamailosiwo. Satifiketi ya ukaputeni yotchedwa Yachtmaster Offshore, ya bungwe la za maboti la ku Britain la RYA, imafuna kuti munthu akhale atayenda mamailosi a panyanja 2,500, ndipo kuchoka ku Cape Town kukafika ku St Helena kokha ndi pafupifupi 1,700, omwe ndi makilomita opitirira 3,100. Kuchoka kumeneko kukafika ku Salvador, mzinda wa ku Brazil, ndi ena pafupifupi 1,900.

Ziwerengero zomwezi zikukuuzaninso kukula kwa memo yanu. Chigawo choyamba chimatenga masiku 10 mpaka 14, chachiwiri pafupifupi masabata awiri, ndipo kaputeni wanzeru amagulira chakudya cha masiku ena apadera chifukwa mphepo imatha kungoti zii. Ndiye tikunena chakudya cha mwezi wathunthu ndi kupitirira, cha anthu anayi. Si ndalama yoti muidziwire patsiku lokagula.

M'thumba la onse mumalowa chakudya, madzi akumwa, tiyi, khofi, sopo wotsukira mbale, mapepala a kuchimbudzi ndi gasi wophikira. Mwini boti naye amadya, choncho amasonkha gawo lake. Akabwera ndi akazi awo, amenewo ndi magawo awiri, osati limodzi. Zimene sizilowamo ndi zonse zimene zidzatsale ndi boti inu mutatsika: thanga likang'ambika, injini ikafuna sipeya, inshulansi, penti. Zimenezo n'za mwini wake. Pakatikati pali dizilo ndi ndalama zolipira m'madoko. Maboti ena amagawana, ena mwini boti amasenza yekha. Ine maganizo anga ndi oti azisenza mwini boti, popeza akanalipirabe ngakhale inu pakanapanda, koma kugawana si kulakwa ngati zanenedwa poyera musananyamuke.

Palinso malire amene malamulo amaika. Ku Britain, mwachitsanzo, boti limawerengedwa kuti ndi longosangalalira pokhapokha ngati ndalama zimene mwini wake walandira kwa okwera ndi zongosonkhera zimene ulendowo wadya. Akapyola pamenepo ndiye kuti wayamba bizinesi, yomwe imafuna ziphaso zina ndi inshulansi ina. Choncho munthu akakutchulirani mtengo wokwera wa patsiku, muli ndi ufulu wofunsa kuti muli chiyani ndi chiyani m'katimo. Mwini boti wachilungamo sakwiya nalo funsoli.

Tsopano za mowa. Pamenepa ndi pamene ndinapsa ine pa ulendo wanga woyamba. Tinali asanu, ndipo nanenso ndinangouzidwa kuti "tidzagawana". Tsiku lokagula sindinapite nawo, ndinatsala ndikutsuka boti poganiza kuti ndikuonetsa khama. Titafika kumene tinkapita, mwini boti anatulutsa envelopu ya malisiti, n'kuwonkhetsa, n'kugawa pasanu. Pa malisitiwo panali makatoni a mowa, mabotolo a vinyo, fodya wa mnzathu wina, ndi pampu ya madzi imene inagulidwa ija itawonongeka. Ine paulendo wonsewo ndinkamwa tiyi. Ndinalipira osanena kanthu, koma ndalama imene ndinasungira basi ndi pogona inathera pomwepo, ndipo anthu amene ndinalondera nawo usiku kwa masabata awiri ndinasiyana nawo mtima uli bii. Lero ndikamaganiza ndimaona kuti bambo uja sankafuna kundibera. Anangochita zimene anazolowera ndi anzake omwa mowa, ndipo panalibe amene anamuuza kuti mmodzi mwa ife samwa. Akulu anati safunsa anadya phula.

Ulendo wina ndinayenda ndi mayi wina amene anandiphunzitsa mmene zimayenera kukhalira. Tisanagule ngakhale anyezi mmodzi, anatikhazika pansi ndi kope ndi chitini. Aliyense anaponyamo ndalama yofanana, ndipo wosunga chitinicho anasankhidwa pakati pa ife, osati iye. Lisiti lililonse linkalowa m'chitinimo. Patsamba lomaliza la kopelo analemba kuti mowa, fodya ndi zokometsera za munthu payekha aliyense agule zake, alembepo dzina. Kusitolo tinatenga matrole awiri, ina ya onse, ina ya omwa, ndipo analipira padera. Pomaliza ulendo chenji chinagawidwa mpaka kakobiri komaliza. Masiku ano ena amagwiritsa ntchito pulogalamu ya pafoni ngati Splitwise, koma pakati pa nyanja kope silifuna netiweki.

Dziwaninso kuti maboti ambiri owoloka nyanja salola mowa boti likuyenda, kapena amalola chitini chimodzi dzuwa likamalowa, chifukwa munthu amene akagwire chiwongolero 2 koloko usiku ayenera kukhala ndi mutu wabwino. Ngakhale asilikali a pamadzi a ku Britain, omwe kwa zaka mazana ankalandira kachasu wa rum tsiku ndi tsiku, anasiya mwambowo pa 31 Julaye 1970. Ndiye kufunsa kuti lamulo la mowa ndi lotani pa botili ndi funso la chitetezo chanu, silikuonetsa umbombo. Koma nanunso muchite chilungamo: ngati mumamwa zoziziritsa kukhosi zitini zitatu patsiku, zimenezonso zipite mu trole yanu.

Tsiku lokagula mupite nawo, musachite ngati ine. Kumeneko ndi kumene mumaona kumene ndalama yanu ikupita, komanso kumene mumanena zimene mumadya ndi zimene simudya. Ngati nkhumba simudya, nenani nyama isanalowe mu filiji. Mudzaphunziranso zambiri. Kabichi, anyezi, mbatatesi ndi maungu zimapirira masabata. Nthochi zimapsa zonse tsiku limodzi. Mazira amakhalitsa popanda filiji mukamawatembenuza pakapita masiku angapo. Makatoni amasiyidwa padoko chifukwa amabisa mazira a mphemvu. Ndipo ponyanimo ufa makilogalamu awiri kapena asanu, mtengo wake sudzadandaulitsa munthu. Tsiku lina tili pakati pa Atlantic tinakola dorado, nsomba yobiriwira mosakaniza ndi chikasu, yotalika ngati mkono wonse. Ndinaikazinga ndi tomato wa m'chitini, n'kuphika nsima mpoto uli wopanidwa ndi zitsulo pachitofu chimene chimapendama motsata mafunde, mwendo wina nditaponda pakhoma kuti ndisagwe. Anzanga anasamba m'manja n'kudya ndi zala, mpoto unatsala mbee. Nsomba yokoledwa pa boti ndi ya onse, ngakhale mbedza ndi chingwe zili za munthu mmodzi.

Pali tinthu tina timene sitilembedwa m'kope koma timaswa ubale kuposa ndalama. Masiku awiri kapena atatu oyamba, makamaka potuluka ku Cape Town kumene mafunde ndi aakulu, mwina mudzagwidwa mseru osadya kanthu kupatula mabisiketi. Musadzapemphe kuti akuchotsereni masiku amenewo. Momwemonso wodya kwambiri sawonjezeredwa mtengo, memo siwerenga mbamu. Koma bokosi la zodya usiku, lija amaikira olondera, ndi la onse olondera. Munthu amene amatha chokoleti chonse pa ulonda wake, wobwera pambuyo n'kupeza mapepala okhaokha, amakumbukiridwa mpaka kumtunda. Chinthu chikatsala chimodzi, kaya ndi lalanje, funsani musanatenge. Madzi ndiye osaseweretsa: akumwa amawerengedwa pafupifupi malita atatu pamunthu patsiku, ndipo mbale zimayamba zatsukidwa ndi madzi amchere. Kuphika kumayenda mosinthana, ndipo wophika satsuka mbale. Inu pokhala wamng'ono pagulupo, komanso munthu wozolowera ntchito za manja padoko, samalani kuti ntchito ya kukhitchini isangokugwerani mwakachetechete tsiku ndi tsiku. Mwasonkha mofanana ndi wina aliyense, ndiye ndandanda ya ophika ikhale ndi mayina onse anayi, la mwini boti lomwe.

Mukafika ku Jamestown ku St Helena, zinthu zimasinthako. Chisumbuchi katundu wake wambiri amabwera pa sitima, choncho mitengo ndi yokwera ndipo zamasamba sizipezeka nthawi zonse. Ndalama yake ndi paundi, yofanana mphamvu ndi ya ku Britain, ndiye mukhale nayo ina m'manja. Zogula zopita m'boti zichokere m'chitini, koma mukakadya kumtunda aliyense amalipira mbale yake. Pamenepa ndi pamene bilu imabwera imodzi, wina n'kunena kuti tingogawa panayi, pomwe atatu amwa usiku wonse. Nenani musanaitanitse chakudya kuti inu mulipira zanu padera. Ndipo ngati thumba lapepuka, kutsala m'boti n'kudziphikira si chamanyazi. Pothera pa ulendo pali mwambo woti othandiza amasonkherana n'kumugulira mwini boti chakudya chamadzulo pothokoza. Umenewu ndimaukonda, ndipo ndikukulimbikitsani kuti muusungire kangachepe.

Ndalama ya tikiti yobwerera isakhudzidwe ndi zonsezi. A zolowa ndi kutuluka m'mayiko ambiri salola kaputeni kuchotsa munthu pa mndandanda wa a m'boti ngati munthuyo alibe njira yotulukira m'dzikomo. Za visa ya pasipoti yathu ndi inshulansi ya zachipatala mufufuze panopa, ndipo mufunse ngati mwini boti athandizepo kapena zonse ndi zanu.

Kafunsidwe kake sikafuna mawu ambiri. Alembereni kuti mwakondwa ndi mwayiwu ndipo mukufuna kukonzekera bwino ndalama. Kenako funsani kuti akuyerekeza kuti munthu mmodzi asonkha zingati mpaka ku Brazil, ngati dizilo ndi madoko zili momwemo, ndiponso amene adzasunge thumba ndi malisiti. Pomaliza onjezani kuti inu simumwa, ndiye mungakonde kuti mowa ugulidwe padera. Uthengawu muutumize pagulu pamene pali onse anayi, chifukwa n'kutheka kuti awiri enawo nawonso akudikira wina woti ayambitse. Akayankha momveka, sungani yankholo m'foni ndipo mulijambule. Akamazemba, kapena akakwiya chifukwa choti mwafunsa za malisiti, ganizani kawiri musanakwere boti lawo kwa mwezi wathunthu. Pa kalabu ya maboti ya Royal Cape Yacht Club ku Cape Town ndi pamasamba a pa intaneti ngati Crewbay ndi Find a Crew pamapezeka ena ofuna anthu, makamaka kuyambira Disembala mpaka Malichi pamene maboti ambiri amanyamuka kulowera ku St Helena.