Musawakakamize Kufotokoza Zimene Anaona

Mayi, popeza amuna anu, amene anagwira ntchito yozimitsa moto, akudzidzimuka usiku ndiponso kupsa mtima msanga, musawakakamize kufotokoza zimene anaona, koma auzeni modekha kuti mwaona kuti sakugona bwino ndipo mudzamvetsera pa nthawi imene iwo adzafune kulankhula. Kafukufuku wasonyeza kuti kukhazika munthu pansi kamodzi kokha kuti alongosole zoopsa zonse mwatsatanetsatane sikumuteteza ku matenda a PTSD (kuvutika maganizo kumene kumabwera munthu akadutsa m'zoopsa), ndipo bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization sililimbikitsa njira imeneyi.

Mchimwene wanga atasiya usilikali ankakhala pansi moyang'ana khomo nthawi zonse, ndipo chitseko chikamenyetseka, thukuta linkangoti kamukamu. Mafunso athu ankangomuchititsa kukhala duu. Anayamba kumasuka atacheza ndi anzake amene anadutsa m'zomwezo, chifukwa anthu a ntchito zoterezi amazolowera kuona kudandaula ngati kufooka, ndipo mawu a mnzawo amawamva msanga kusiyana ndi a m'banja.

Komabe anzawo sangalowe m'malo mwa dokotala. Ngati maloto oopsa, kupewa anthu kapena kumwa mowa kuti apeze tulo zapitirira mwezi umodzi, amuna anu akaonane ndi katswiri wa matenda a maganizo. Madokotala a ku America anavomereza PTSD kukhala matenda mu 1980, makamaka chifukwa cha asilikali obwerera ku nkhondo ya ku Vietnam, ndipo lero pali chithandizo chodalirika monga EMDR (kukumbukira zoopsazo uku ukuyendetsa maso motsogozedwa ndi katswiri) ndi CBT (kukambirana ndi katswiri kuti usinthe kaganizidwe ndi kachitidwe) yolunjika pa zoopsazo. Amuna anu akangotchula zodzipha kapena akayamba kukuopsezani, apititseni kuchipatala tsiku lomwelo.