Korona, G.R., 1917 ndi DP pa mfuti ya agogo anu

Achimwene, mwafunsa ngati zilembo zili pa mfuti imene agogo anasiyayi zikutsimikiza kuti inamenya nkhondo. Zithunzi zanu ndaziona bwino. Imeneyi ndi Lee-Enfield ya zipolopolo za .303, mtundu womwe asilikali a King's African Rifles (KAR) ankanyamula.

Yambani pa chitsulo chozungulira chija, pamwamba pa chowombera, mbali ya kumanja. Korona ndi G.R. ndi chizindikiro cha mfumu George V, amene analamulira kuyambira 1910 mpaka 1936. BSA Co ndi fakitale ya ku Birmingham. 1917 ndi chaka chimene inapangidwa, basi, sichikunena kumene inapita. Kanyenyezi kotsatira III kaja musakaone ngati dzimbiri: kakusonyeza kuti ndi mtundu wa Mk III*, umene anayamba kupanga nkhondo yoyamba ya dziko lonse ili mkati atachotsako tizitsulo tina kuti ntchito izifulumira.

Kamuvi ka mizere itatu ndiye kuti katundu wa boma la Britain. Mukapeza timivi tiwiri toyang'anizana nsonga, boma linaigulitsa. Timbendera tiwiri topingasana tokhala ndi P pansi ndi umboni woti mpope unayesedwa ndi chipolopolo champhamvu kuposa cha masiku onse ndipo sunang'aluke. Tikorona ting'onoting'ono ta manambala tomwe tamwazikana paliponse ndi ta anthu oyendera ntchito m'fakitale, musavutike nato.

Koma chandidetsa nkhawa ndi DP yomwe yadindidwa pamwambayo. Zilembo ziwirizi zikutanthauza kuti akatswiri a mfuti a asilikali anaichotsa pa gulu la zowombera n'kuisiya ya perete ndi maphunziro okha. Mwina mpope unatha, mwina chitsulo china chinafooka. Timbendera tija tinali ta 1917, DP inabwera pambuyo, ndiye yomvera ndi DP. Chonde musaikemo chipolopolo, ngakhale wina akuuzeni kuti ikuoneka yolimba.

Za nkhondozo, yang'anani pa thabwa lotsamiritsa paphewa ngati pali kachitsulo kachikasu konga ndalama. Pamenepo ndi pomwe ankadinda dzina la gulu la asilikali. Ngakhale mutapezapo KAR, mwadziwa gulu lokha, osati kuti inali m'manja mwa agogo ku nkhondo.

Poipukuta, musaipale ndi sandipepa ayi ndithu. Ine ndinaonapo ina itapalidwa mpaka kuwala ngati sapuni, chaka ndi korona zonse zitafufutika. Kansanza ndi mafuta pang'ono zakwana. Ndipo musanaionetse kwa ogula, pitani kupolisi mukafunse za chiphaso, chifukwa chiphaso cha agogo sichikhala chanu.